Vincent ndi Colembera ca Bango

M'mwezi wa June, caka ca 1888, munthu wina wa ndebvu zofiira anadzuka m'banda kuca natsikira ku gombe la nyanja ya Mediterranean, pa kamudzi ka asodzi dzina lace Saintes-Maries, kumwera kwa dziko la France. Pamcenga panali mabwato anai. Munthuyo anadziwa kuti asodzi a kumeneko amalawira kukankhira mabwato ao m'madzi, cotero anakhala pansi msanga, nabviika colembera cace m'inki, nayamba kujambula. Pakutha pa ora limodzi mabwato onse anai anali papepala, pamodzi ndi milongoti yao. Iye mwini anadabwa, nalembera mng'ono wace kalata kumuuza kuti anajambula mabwatowo popanda kupima ndi cida ciri conse.

Munthu ameneyu anali Vincent van Gogh, amene lero dzina lace lidziwika m'maiko ambiri. Woona mizere ya cithunzi cimeneco, yolimba ndi yosakayika, angaganize kuti mwini wace anabadwa wodziwa kale kujambula. Koma si tero ai. Zaka 8 m'mbuyo mwace, dzanja lomwelo silinali kutha kujambula bwino ngakhale munthu woimirira.

Vincent anabadwa pa 30 March, 1853, m'mudzi wa Zundert, m'dziko la Holland. Atate ace anali mbusa wa mpingo. Atakula, mnyamatayo anayesa nchito zosiyana-siyana, koma panalibe ndi imodzi yomwe imene inamyendera bwino. Poyamba anali m'sitolo yogulitsa zithunzi, ndipo m'caka ca 1876 anamcotsa. Anaphunzitsa ana ku England kanthawi kocepa, anagulitsa mabuku, anayesa kuphunzira zaubusa, nalekera panjira. Potsiriza, m'caka ca 1879, anakhala mlaliki pakati pa anthu okumba malasha ku Borinage, m'dziko la Belgium. Itatha miyezi 6, akulu a mpingo sanafune kuti apitirire. Anatsala wopanda nchito ndi wopanda ndarama, ndipo abale ace anayamba kumuona ngati munthu wosapindula kanthu.

M'mwezi wa August, 1880, ali ndi zaka 27, Vincent anatsimikiza mumtima kuti adzakhala wojambula zithunzi. Mng'ono wace Theo, amene anali pa nchito yogulitsa zithunzi ku Paris, anamlimbitsa mtima, namamtumizira ndarama zogulira cakudya ndi mapepala. Vincent anadziwa kuti alikudya thukuta la mng'ono wace. Anadziwanso kuti nchito imeneyi ikamkanika monga zinzace zija, analibenso kwina kolowera.

Zithunzi zace zoyamba ziripo kufikira lero. Cimodzi cionetsa amuna ndi akazi alikupita ku mgodi m'mamawa, nyengo ya cisanu. Cisoni ca anthuwo cioneka ndithu, koma matupi ao ali ouma ngati timitengo tozika pansi, ndipo miyendo yao sioneka ngati ilikuyenda. Mtima wa wojambulayo unali kudziwa cimene unafuna kunena, koma dzanja linali lisanaphunzire.

Mzere wa munthu woyamba kujambula udziwika msanga. Kawiri-kawiri sukhala mzere umodzi, koma timizere tambiri-mbiri tatifupi, tosanjikizana ngati ubweya wa mbuzi. Cifukwa cace si kufoka kwa dzanja, pakuti dzanja lomwelo litha kulima ndi kutema mitengo. Bvuto liri m'maso. Wojambulayo sanaone bwino kumene mzere uyambira ndi kumene uthera, cotero dzanja liyenda mofufuza, monga munthu woyenda usiku m'njira yacilendo.

Vincent anafuna mankhwala a bvuto limeneli. Analembera munthu wina dzina lace Tersteeg, amene kale anali mkulu wace m'sitolo ya zithunzi ku The Hague, ndipo iyeyo anambwereka mapepala ophunzitsira kujambula. Mapepalawo anawakonza Mfalansa wina, Charles Bargue. Ena mwa iwo, okwana 60, anali a matupi a anthu oimirira, okhala pansi ndi owerama, ojambulidwa ndi mizere yocepa yokha, ndipo nchito ya wophunzira inali kuwatsanzira ndi makala.

Vincent anali kugona m'kacipinda kopanikiza, kosawala bwino, m'nyumba ya munthu wa ku mgodi m'mudzi wa Cuesmes. M'menemo anagwira mapepalawo kuyambira m'mamawa kufikira madzulo, pafupi-fupi milungu iwiri. Atatsiriza onse 60 anayambanso pa loyamba, ndipo pambuyo pace anabwereza kacitatu. Inali nchito yotopetsa, yopanda woiyamika. Koma caka cotsatira anauza Theo kuti mapepalawo anamphunzitsa kupima, kupenyetsetsa, ndi kuyamba wafuna mizere yaikuru asanasamale zazing'ono.

Kupima kumeneku kucitika motere. Wojambula atambasula mkono wace wonse, atagwira pensulo coimiritsa, natsinzina diso limodzi. Ndi cala cacikuru aika malire pa pensulo kuti apeze kutalika kwa mutu wa munthu amene alikumjambula. Tsono awerenga kuti mitu yotere ilowa ingati kucokera pamwamba kufikira ku mapazi. Akatero aika timadontho papepala: apa phewa, apa ciuno, apa bondo. Mzere wopita ku dontho lodziwika uyenda wosakayika, cifukwa udziwa kwao. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Komatu mapepala salankhula. Munthu angabwereze colakwa cimodzi-modzi masiku ambiri osacizindikira, monga munthu satha kuona msana wace. Vincent anasowa maso a munthu wina. M'caka ca 1881 anabwerera kwa makolo ace, amene pa nthawiyo anali kukhala m'mudzi wa Etten, nayamba kujambula alimi olima ndi ofesa mbeu. Tsono anasonkhanitsa zithunzi zace napita nazo ku The Hague kwa Anton Mauve. Mauve anali mmisiri wochuka wojambula nkhosa ndi ng'ombe, ndipo anakwatira msuweni wace wa Vincent.

Mauve anazipenya zithunzizo mofatsa. Anamlangiza kuti asakhale pa kutsanzira mapepala kokha, koma azijambula anthu amoyo, nayesenso makala, coko ndi burashi. Tsiku lina, atangoona zithunzi zina, anamuuza kuti amakhala pafupi kwambiri ndi munthu amene alikumjambula.

Mau amenewa anali ocepa, koma anakhudza pa bala peni-peni. Wojambula akakhala pafupi, maso ace satha kuona thupi lonse nthawi imodzi. Aona mutu naujambula. Aweramitsa maso naona miyendo naijambula. Ciwalo ciri conse pa cokha cingakhale cabwino, koma zikakomana papepala sizigwirizana: mutu ukula, miyendo ifupika. Vincent anamvetsa msanga, nalembera Theo kuti afunika kupeza cipinda cacikuru, kapena ngakhale nkhokwe, kuti azitha kusendera m'mbuyo. Mauve sananene kuti zithunzizo nzoipa, sananenenso kuti nzokongola. Analoza colakwa cimodzi, ndipo m'mau omwewo munali njira yocikonzera.

Kumayambiriro kwa caka ca 1882 Vincent anali atakhazikika ku The Hague, ndipo kumeneko anamva mau a mtundu wina. Tersteeg, yemwe uja anambwereka mapepala, sanali munthu woipa mtima. Anagulanso cithunzi cimodzi ca Vincent. Koma anamuuza kuti anacedwa kuyamba, kuti zithunzi zace sizingagulidwe, ndi kuti aganize za kudzipezera yekha cakudya. Mau amenewa anamlasa Vincent mumtima, koma dzanja lace silinapindule nao kanthu. Munthu akauzidwa kuti wakhala pafupi, atha kusendera. Nanga akauzidwa kuti anacedwa kuyamba, adzacitanji? Zaka zopita sizibwerera. Mauve ananena za cithunzi. Tersteeg anaweruza munthu.

Vincent sanaleke. Anali kujambula ndi pensulo lalikuru la amisiri a matabwa, nalikanikiza kolimba papepala. Poona kuti zinthu zakutari ndi zapafupi zinali kumsokoneza, anapangitsa cida kwa mmisiri wa matabwa ndi wosula zitsulo. Cidaco cinali ngati zenera lopanda galasi, lomangidwa ulusi wopingasa. Anali kuciimika patsogolo pace, nalemba mizere yofanana ndi ulusiwo papepala. Popenya kupyola m'zeneralo anatha kuona malo eni-eni a nyumba, mtengo kapena mseu. Sanacite manyazi kugwiritsa nchito cothandizira cimeneci, ndipo anayenda naco zaka zingapo.

Koma tsoka lace, Vincent anali wa mtima wapacala, ndipo pano ndi pamene iye mwini analakwa. Mauve anamuuza kuti azijambula zifaniziro zoumba za manja ndi mapazi, zoyera ngati coko, zimene ophunzira a ku Ulaya anali kuyambira. Cifaniziro cotere sicigwedezeka ndipo sicitopa, cotero wophunzira atha kucipenya tsiku lonse naona bwino mmene mthunzi ugwera. Vincent anadana nazo, nati afuna manja ndi mapazi a anthu amoyo. Tsiku lina anapsa mtima, naziphwanya, naziponya m'cotengera ca malasha. Mauve anamlembera kuti sadzasamala za iye miyezi iwiri. Panalinso zina za makhalidwe a Vincent zimene Mauve sanakondwere nazo, ndipo cibwenzi cao sicinabwererenso mwakale. Motero Vincent anataya mphunzitsi wabwino woposa onse amene anakhala nao.

Patapita zaka zitatu cinamgwera ciyeso cina. M'caka ca 1885, ali m'mudzi wa Nuenen, anatsiriza cithunzi cacikuru ca alimi asanu alikudya mbatatesi usiku, nyali iri pamwamba pao. Anacigwirira nchito miyezi yambiri, ndipo anali kucinyadira. Anasindikiza cifaniziro cace papepala natumiza kwa bwenzi lace, wojambula mnzace, dzina lace Anthon van Rappard. Yankho linabwera lowawa ngati tsabola. Van Rappard anadandaula kuti nchitoyo inacitika mosasamala. Analoza mwamuna wokhala ku dzanja lamanja, nati mkono wace ngwaufupi kwambiri, bondo lace silioneka, ndipo mphuno yace njosakwanira.

Vincent anakwiya kotero kuti anabweza kalatayo kwa mwini wace. Anayankha kuti iye safuna thupi lolongosoka ngati la m'buku, koma thupi loonetsa moyo ndi kutopa kwa mlimi. M'mau amenewa munali zoona, ndipo lero cithunzi ca odya mbatatesi cilemekezedwa kwambiri. Koma za mkono uja Van Rappard sananame. Cibwenzi cao cinazirala, koma m'miyezi yotsatira Vincent anali kupita ku minda masiku ambiri, najambula alimi ocuruka: akazi owerama kutola tirigu, amuna okumba ndi odula. Anasinthanso kajambulidwe kace. M'malo moyamba ndi mzere wa m'mphepete mwa thupi, anayamba ndi zigawo zace zazikuru, cifuwa, ciuno ndi ncafu, naziumba ngati mazira, ndipo mzere wa m'mphepete unadza pambuyo. Alimi a m'zithunzi zimenezi ali ndi msana wopindikadi ndi mapazi oponda nthaka. Pakamwa pace panakana mau a bwenzi lace, koma dzanja lace linawamvera.

M'caka ca 1886 Vincent analowa sukulu ya zojambula ku Antwerp. Kumeneko anakangananso ndi aphunzitsi, ndipo sanakhalitse. Anapita kwa Theo ku Paris, nalowa m'nyumba yophunzirira ya mmisiri wina dzina lace Cormon. Kodi m'malo awiriwa anali kujambula ciani? Zifaniziro zoyera zomwe zija anaziphwanya ku The Hague! Tsopano anazijambula masiku ambiri, ndipo anasunga zina m'nyumba mwace. Zinaoneka kuti Mauve sanalakwe. Mau a akulu akoma akagonera.

M'mwezi wa February, 1888, Vincent anasamukira ku Arles, kumwera kwa France, dziko la dzuwa lowala. Kumeneko kunali kumera bango labwino. Iye anali kulidula, nalisongola ndi mpeni kuti likhale colembera. Colembera ca bango ciri ndi khalidwe lace-lace. Sicisunga inki yambiri, cotero mzere uyamba wakuda bii, nuzilala msanga. Ndiponso inki siifufutika monga pensulo. Munthu wokayika sangathe kulemba naco, pakuti kukayika kwace konse kutsala poyera papepala.

Ndi bango limeneli Vincent anajambula minda ya tirigu, mapiri a miyala a ku Montmajour, ndi mabwato aja a ku Saintes-Maries. Pofuna kuonetsa ziputu za m'munda wokolola anadontheza timadontho. Pa udzu analemba timizere toimirira. Pa masamba a mitengo, timizere topota. Zithunzizo zadzala ndi timizere tatifupi, monga zithunzi za woyamba kujambula, koma kusiyana kwace nkwakukuru. Woyamba alemba timizere khumi cifukwa sadziwa kuti woona ndi uti. Vincent analemba kamzere kali konse kamodzi kokha, pa malo pamene anafuna, nakasiya. Cida ca ulusi cija anayamba kucisiya, cifukwa maso ace anali ataphunzira kupima okha.

M'mwezi womwewo wa February, 1888, Mauve anamwalira ku Holland. Patapita milungu ingapo, nkhani yolembedwa yokumbukira Mauve itamfika, Vincent anali atangotsiriza cithunzi ca mitengo ya mapicesi yocita maluwa. Anaganiza kuti cinali cimodzi ca zithunzi zace zabwino koposa. Analemba m'munsi mwace mau okumbukira Mauve, nacipereka kwa msuweni wace uja, mkazi wamasiyeyo. Zaka 6 zinali zitapita cikanganirane, koma Vincent sanaiwale munthu amene anamuuza kuti asendere m'mbuyo.

Masiku ace otsiriza anali a mabvuto. Anadwala nthenda ya maganizo, nakhala caka cathunthu m'cipatala ku Saint-Rémy. M'mwezi wa May, 1890, anaturuka napita ku mudzi wa Auvers, pafupi ndi Paris. Pa nthawiyo anthu ena odziwa zithunzi anali atayamba kumtamanda m'manyuzipepala. Koma iye analembera Theo kupempha kanthu kodabwitsa: mapepala a Bargue, omwe aja anayambira m'kacipinda ka ku Cuesmes. Anaopa kuti akaleka kuphunzira miyeso ya thupi la munthu, dzanja lace lidzabwerera m'mbuyo. Mapepalawo atafika anakhala pansi nawatsanziranso, monga mwana wa sukulu.

Vincent anamwalira pa 29 July, 1890, ali ndi zaka 37. M'zaka 10 zokha anasiya zithunzi za papepala zoposa 1,000, osawerengera za utoto. Zambiri zisungidwa ku Amsterdam, m'nyumba ya dzina lace imene inatsegulidwa m'caka ca 1973. Kumeneko anthu atha kuona zina mwa zithunzi zace zoyamba ndi zina mwa zithunzi za bango, naona ndi maso ao mtunda umene dzanja limodzi linayenda.

Mwana wa sukulu amene wajambula mphika kapena khasu, nalandira buku lace mphunzitsi atalembamo kuti mbali imodzi yapendekeka, amva kuwawa komwe Vincent anamva. Mwana wotere acita bwino akayamba wafunsa mumtima mwace kuti, “Kodi mau awa andionetsa malo oti ndikonze?” Ngati atero, awasunge, angakhale abwere owawa ngati a Van Rappard. Ngati angonena kuti iye sadziwa kanthu ndipo sadzatha, asawalole kuti amlande pensulo. Ndipo ngati sanamvetse, apite kwa mphunzitsi mwaulemu nati, “Aphunzitsi, ndionetseni pamene ndalakwa.”

Tsono aike mphikawo patari pang'ono, kuti auone wonse. Aupenye nthawi yaitari asanakhudze pepala. Aike dontho pamene mzere uyambira ndi lina pamene uthera, ayendetse dzanja m'mwamba kawiri kapena katatu osalemba, maso ali pa dontho lotsiriza, ndipo pamenepo alembe kamodzi, mkono wonse ulikuyenda. Mzere ukaphonya, asaukute ndi timizere tina. Ausiye, najambule mphika wina pambali pace. Pepala likasowa, pansi palipo ndi kamtengo. Pensulo likatha, khala la pamoto lilemba.

Naye mwana woona cithunzi ca mnzace ali ndi udindo wace. Kuseka nkosabvuta, ndipo kunena kuti “ncokongola” osacipenya nkosabvutanso, koma zonse ziwiri sizithandiza. Wofuna kuthandiza mnzace acite monga Mauve: apenye mofatsa, aloze cinthu cimodzi, nanene cimene mnzaceyo angacite mawa.